Kalata kwa a Nduna a Zaumoyo: khansa ya pakhungu ikutitha, tikufuna pulani ya mankhwala a radiation

Olemekezeka a Nduna a Zaumoyo, a Mlembi Wamkulu mu undunawu, ndi aphungu nonse a m'komiti ya zaumoyo ku Nyumba ya Malamulo,

Ndakupatsani moni mwaulemu, ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mabanja anu. Ine ndine Mmalawi mnzanu, ndimagwira ntchito yojambula odwala pa chipatala china kuno ku Joni, ndipo kumudzi ndinasiya mlongo wanga yemwe ali ndi mwana wamwamuna wachialubino. Ndiye ndikulemba ngati wa ntchito ya chipatala komanso ngati malume. Kalatayi ndayiika poyera dala kuti ena amve nawo, chifukwa nkhani ya khungu la abale athu achialubino imatentha pa 13 June pokha, tsiku lokumbukira anthu achialubino padziko lonse, tikatha kuguba ndi kugawana ma T-shirt basi zii mpaka chaka chamawa.

Ndiyambe ndi kuthokoza, poti kuyamika kulibe mtengo. National Cancer Centre ija pa Kamuzu Central ku Lilongwe tinaidikira zaka zambirimbiri mpaka ena anatisiya akungoona makoma, koma mu 2025 inatsegulidwa ndipo makina owotcha khansa afika. Ku Blantyre nako kuli International Blantyre Cancer Centre yomwe inayamba mu 2024, ngakhale ndi yolipira. Kale munthu wofuna radiotherapy amayenera kukwera ndege kupita ku India kapena ku Tanzania, kapena kuwoloka pa Mchinji kupita ku Lusaka komwe anzathu ali ndi Cancer Diseases Hospital kuyambira 2007. Pomwe bungwe la IAEA, loona za mphamvu ya nyukiliya padziko lonse, limakhazikitsa pulogalamu yothandiza mayiko pa chithandizo cha khansa ya Rays of Hope ku Addis Ababa mu February 2022, Malawi inali pa mayiko asanu ndi awiri oyambirira. Apo munachita bwino, sindikutsutsa.

Koma bwana, pali mbali ina ya radiation imene sitikukumvani mukuikamba, ndipo kwa odwala khansa ya pakhungu mbali imeneyi ndi yofunika kwabasi. Azachipatala amaitcha nuclear medicine. Inu mukuidziwa, koma ndifotokoze pang'ono chifukwa cha amene akuwerenga nawo. Pa radiotherapy yomwe tazolowera kumva, makina amakhala panja n'kumalasa mphamvu yake pa chotupa. Pa nuclear medicine mphamvuyo imakhala m'mankhwala momwemo. Amatenga kanthu kotulutsa radiation kochepetsetsa, n'kukamangirira ku mankhwala amene amadziwa kopita m'thupi, akakubaya jakisoni mankhwalawo amakaunjikana pomwe pali matenda, ndiye kamera yapadera imaona pamene pakuwala. Akasintha kanthu kaja n'kuikapo kamphamvu kwambiri, mankhwala omwewo m'malo mongoonetsa amapha maselo a khansa ali pomwepo, mnofu wabwino wapatali osaukhudza kwenikweni. Si zadzulo izi ayi. Dokotala Saul Hertz anayamba kupereka ayodini wa radiation kwa odwala chithokomiro ku Boston mu 1941, agogo athu akadali anyamata.

Nanga zikukhudza bwanji khungu? Pali njira zitatu, ndipo sizifanana mtengo kapena kuvuta kwake.

Yoyamba ndi ya khansa ya melanoma. Ambiri kwathu amati iyi ndi nthenda ya azungu, koma ife akuda imatigwira pena pomwe sitiyang'ana: kuphazi kunsi, pachidendene, m'chikhatho, kunsi kwa chikhadabo. Bob Marley anamwalira mu 1981 ndi melanoma yomwe inayambira kunsi kwa chikhadabo cha chala chakumwendo, munthu wa ndalama zake ndi madokotala ake. Nanga mlimi wa kwathu? Kakuda kakatuluka kuphazi amati ndi minga kapena matekenya, kakakula amati ndaponda mankhwala, n'kupita kwa asing'anga kukatemera. Khansa imeneyi ikafuna kuyenda imayamba yafika pa mwanabele wa m'mphechepeche kapena wa m'khwapa. Mu 1992 dokotala wa opaleshoni Donald Morton wa ku California anaonetsa kuti pali mwanabele mmodzi kapena awiri amene amayamba kulandira madzi ochokera pachotupacho, ndiye mukapeza ameneyo n'kumuyeza mudziwa ngati khansa yayenda kapena ayi. Masiku ano amamupeza pobaya mankhwala a radiation otchedwa technetium-99m pang'ono m'mbali mwa chotupa, amajambula, kenako ku fiyeta dokotala amagwira kachipangizo konga cholembera chachikulu kamene kamalira kakafika pamwamba pa mwanabele uja. Amadula malo ochepa, amachotsa ameneyo yekha. Popanda njirayi dokotala amatsala ndi kubaya utoto wabuluu wokha kuti uonetse mwanabeleyo, kapena kuchotsa anabele onse mwendo n'kutupa moyo wonse, kapena kungosiya n'kumadikira kuti tione. Ine ndimaona izi zikuchitika kuno mkati mwa sabata wamba, sichinthu cha mabwana ayi.

Yachiwiri ndi sikani ya PET-CT. Maselo a khansa ndi adyera pa shuga, ndiye wodwala amamubaya mankhwala onga shuga otchedwa FDG omwe ali ndi fluorine-18, patatha ola limodzi kamera imaonetsa thupi lonse kuyambira kumutu mpaka kuphazi, pomwe pabisala khansa pamawala. Kwa melanoma yomwe yafika patali, kapena khansa ina ya pakhungu yomwe yalowa m'khosi, sikani imeneyi ndi imene imauza dokotala ngati opaleshoni ithandiza kapena angomuvutitsa munthu pachabe. Wodwala wa boma akafuna PET njira yake ndi ya kunja, ndipo tonse tikudziwa kuti foleksi ikuvuta bwanji.

Yachitatu ndi imene yandichititsa kukhala pansi kulemba. Pali mankhwala opaka otchedwa Rhenium-SCT, a kampani ya OncoBeta ya ku Germany, omwe ali ndi rhenium-188. Awa sabaya. Amamata kapulasitiki kopyapyala pachilonda cha khansa, n'kupaka mankhwalawo pamwamba pake molingana ndi m'mene chilondacho chilili, wodwala amakhala kwa mphindi zingapo mpaka maola awiri kapena atatu malinga ndi kuwerengera kwa akatswiri, kenako amachotsa zonse iye n'kupita kwawo. Ambiri amalandira kamodzi kokha, osagonekedwa, osadulidwa, khungu limapola lokha pamasabata angapo. Amagwira pa khansa za basal cell ndi squamous cell, ndipo squamous cell ndi imene ikupha abale athu achialubino. Ndi othandiza kwambiri pamphuno, pakhutu, pamlomo, pachipumi, malo omwe mpeni umasiya munthu atasintha nkhope. Akugwiritsidwa ntchito ku Europe, ku Australia ndi kuno ku South Africa. Koma mverani apa bwana, chifukwa nkhani yonse yagona apa: mphamvu ya mankhwalawa imalowa mamilimita atatu okha m'khungu. Atatu basi. Chilonda chikazama kuposa pamenepo, rhenium alibe ntchito. Pa melanoma alibenso ntchito.

Dandaulo langa loyamba likuchokera pa mamilimita atatuwo. Anthu athu akufika kuchipatala chachikulu chilonda chitadya kale khutu, chitafika pa fupa, ntchentche zikutsatira. Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino oposa 134,000 m'Malawi. Ambiri a iwo ali kumudzi, amalima, amagulitsa pamsika padzuwa, ana amayenda mtunda wautali kupita kusukulu dzuwa la Okutobala lili pamutu. Kuyambira 2014 pomwe kuphedwa ndi kubedwa kwawo kunakula, dziko linadzuka, malamulo anakhwimitsidwa mu 2016, Ikponwosa Ero, katswiri wa UN woona za ufulu wa anthu achialubino, anabwera chaka chomwecho, kenako kunabwera National Action Plan ya 2018 mpaka 2022. Zonsezo zinali zofunika. Koma dzuwa silimangidwa ndi apolisi, ndipo a APAM, bungwe la anthu achialubino m'Malawi, akhala akunena kwa nthawi yaitali kuti khansa ya pakhungu ikutenga anthu awo ambiri mwakachetechete, ambiri akadali achinyamata.

Mwana wa mlongo wanga anayamba ndi kankhanambo pamwamba pa khutu. Mayi ake anapita naye pa chipatala chaching'ono chapafupi, sinditchula dzina chifukwa amene anamuona uja sanalakwe mwadala, anachita zomwe anaphunzitsidwa: anamupaka GV, anamupatsa panado, anati mubwerenso chikapanda kupola. Anabwereranso, GV yemweyo. Mafuta odziteteza kudzuwa panalibe, anauzidwa kuti akafunse ku boma, thiransipoti yopita ku boma ndi ndalama yoti banja lidye masiku angapo. Pomwe ndinaona chithunzi pa WhatsApp n'kutumiza ndalama kuti athamange naye, kankhanambo kaja kanali katasanduka chilonda cha m'mbali motukuka. Anamudula, mbali ya khutu inapita. Ali moyo, tikuthokoza Mulungu, koma chinthu chija chikanaoneka poyamba chikanatha ndi kuthira liquid nitrogen kwa masekondi ochepa chabe. Ndi angati amene alibe malume ku Joni?

Sindikufuna mundimve ngati ndikuti gulani rhenium mavuto atha. Ayi. Chipewa chachikulu, malaya a mikono yaitali, mafuta a SPF 50, kliniko wodziwa kusiyanitsa nkhanambo wamba ndi chiyambi cha khansa, botolo la liquid nitrogen ndi mpeni wa dokotala pa chipatala cha boma, izi ndi zotchipa ndipo zipulumutsa anthu ambiri kuposa makina alionse. Mu 2025 WHO inaika mafuta odziteteza kudzuwa pa mndandanda wake wa mankhwala ofunikira, kutanthauza kuti sichinthu chodzikongoletsera, ndi mankhwala ngati LA kapena ma ARV. Mabungwe ngati Standing Voice ndi Beyond Suncare agwira ntchito yotamandika m'maboma ena, koma umoyo wa nzika 134,000 sungadalire kuti wothandiza wakunja wasangalala chaka chino kapena ayi. Taonani zomwe zinachitika mu 2025 thandizo la America litadulidwa mwadzidzidzi.

Dandaulo lachiwiri ndi la zotsatira za ku labu. Mankhwala onse ndatchulawa sangaperekedwe mwachimbulimbuli, pafunika kudula kanyama n'kukayeza kuti tidziwe mtundu wa khansa ndi kuzama kwake. Akatswiri oyeza zimenezi m'dziko muno ndi owerengeka, ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Kanyama ka mwana wa kwathu uja kanatumizidwa, ndiye panapita miyezi mayi ake akungoyendera, lero akuti sizinabwere, mawa akuti amene amasunga buku kulibe. Khansa siyimirira kudikira pepala. Chilonda chomwe chinali mamilimita awiri tsiku lodula kanyama chimakhala china pofika tsiku lomva zotsatira, ndiye ngakhale mutakhala ndi rhenium m'kabati mwachedwa kale.

Lachitatu, sitikuona pulani yolembedwa ya nuclear medicine imene nzika ingawerenge n'kukufunsani nayo. Anzathu sakugona. Ku Nairobi chipatala cha Aga Khan chinayamba PET-CT mu 2018, ndipo mu 2021 boma la Kenya linatsegula malo ake pa Kenyatta University Teaching, Referral and Research Hospital okhala ndi cyclotron, makina opanga fluorine-18 pompo. Ku Dar es Salaam pa Ocean Road Cancer Institute nawo anaika cyclotron ndi PET-CT. Ku Pretoria pa Steve Biko Academic Hospital gulu la Pulofesa Mike Sathekge likudziwika dziko lonse lapansi pa mankhwala amenewa, azungu amabwera kudzaphunzira kwa iwo. Ndipo pa Pelindaba, kufupi ndi Pretoria pomwepo, pali ng'anjo ya nyukiliya ya SAFARI-1 yomwe yakhala ikugwira kuyambira 1965, kampani ya NTP Radioisotopes imapanga molybdenum-99, yemwe amatulutsa technetium uja, ndi kutumiza kumayiko ambiri a kutsidya la nyanja. Ndege yochokera ku Johannesburg imatera pa KIA kapena pa Chileka m'maola awiri ndi kanthu. Zinthu zikuuluka kupita ku Europe, ife tili pakhomo pomwepa.

Koma pulaniyo ikhale ya nzeru, chifukwa mankhwalawa ali ngati chambo chachiwisi, simungachigule lero n'kuchisunga mu sitolo miyezi itatu. Mphamvu yake imatha yokha pa nthawi yoikika ndipo palibe firiji yoimitsa zimenezo. Fluorine-18 amatsala theka pa mphindi 110 zilizonse, ndiye kumutenga ku Joni pofika ku Lilongwe, kutsitsa, kudutsa pa kasitomu, n'kufika pa Kamuzu Central, mwatsala ndi zochepa kwambiri. PET yeniyeni imafuna cyclotron pafupi, magetsi osathima, ndi mainjiniya okhala pompo, ndipo magetsi athu mukuwadziwa nokha. Technetium ndi wosiyana. Iye amatsala theka pa maola 6, koma amachokera m'kabokosi kotchedwa jenereta komwe muli molybdenum-99 wotsala theka pa maola 66, kabokosi kamodzi kamakamidwa m'mawa uliwonse kwa sabata kapena kupitirira, kenako n'kubwera kena. Ndi chifukwa chake sikani zambiri za nuclear medicine padziko lapansi, pafupifupi zinayi mwa zisanu zilizonse, zimagwiritsa technetium. Ndi kabokosi komweko mujambula mafupa a mayi wa khansa ya bere, impso za mwana, mtima, chithokomiro, osati khungu lokha. Rhenium-188 amatsala theka pa maola 17, ndiye akhoza kufika pa ndege ngati odwala asonkhanitsidwa tsiku limodzi ndipo katundu sakugona pa eyapoti kudikira siginecha ya bwana yemwe wapita ku maliro.

Ndiye dongosolo lake likuoneka lokha: yambani ndi gamma kamera, kamera yojambulira technetium, yogwira ntchito tsiku lililonse, technetium wobwera mosadumphitsa, ndi kachipangizo ka ku fiyeta kaja. Kenako yesani rhenium. PET ibwere pambuyo pake, bajeti yake yosamalira itapezeka. Walira mvula walira matope bwana, makina amenewa kugula n'kosavuta, chovuta ndi kontirakiti ya sevisi, ndipo tonse taonapo makina a mamiliyoni atavindikiridwa nsalu m'zipatala chifukwa kachitsulo kamodzi kanafa.

Ndichenjezenso pa za amalonda, poti akamva kuti boma likufuna zimenezi abwera ndi mabulosha okongola. Mankhwala obaya amene amasaka khansa n'kuipha alipodi ndipo ndi ovomerezeka: Lutathera anavomerezedwa ku America mu 2018 pa zotupa za neuroendocrine, Pluvicto mu 2022 pa khansa ya prostate, onse awiri ali ndi lutetium-177. Koma a melanoma akadali pa kafukufuku, ena akuyesa lead-212 womangirira ku mankhwala osaka maselo a melanoma, ena akuyesa mankhwala omamatira ku utoto wakuda wa m'maselowo. Munthu akabwera ku Capital Hill n'kunena kuti ali ndi jakisoni wa radiation wochiza melanoma, mufunseni umboni ndi kumene anavomerezedwa. Ngakhale rhenium amene ndikumukondayu, kafukufuku wake wambiri wachitika pa azungu achikulire. Wachialubino wa zaka 20 yemwe adzakhala akutuluka zilonda zatsopano moyo wake wonse ndi wodwala wina, ndiye pafunika madokotala athu a ku KUHeS ayese okha mwadongosolo, alembe zotsatira, ationetse pomwe akuposa mpeni ndi pomwe sakuposa. Kafukufuku wotere dziko lonse lingamufune, ndipo ndi ife amene tili ndi odwalawo.

Lachinayi ndi anthu ogwira ntchito. Ndikudziwa ena mu makomenti anena kuti iwe unathawa, ukulankhula chiyani uli ku Joni. Chabwino, koma funsani kuti n'chifukwa chiyani ambiri ophunzira ntchito ngati yangayi sabwerera. Dokotala wa nuclear medicine amaphunzira zaka zinayi pamwamba pa udokotala wake. Pafunikanso medical physicist wowerengera mphamvu, wa famase wodziwa kusakaniza mankhwala a radiation, ojambula, ndi anamwino. Mukatumiza munthu chaka chino adzabwera makina atafika kale kapena atachita dzimbiri, ndiye nthawi yotumiza inali dzulo. Komanso munthu akabwerako apeze udindo wake ulipo pa ndondomeko ya ntchito za boma ndi malipiro ake, osati kumuika pa giredi yomwe anachokera n'kumadabwa kuti wapita ku Gaborone.

Lachisanu ndi la otumizidwa kunja. Malinga ngati sikani ndi chithandizo china zili kunja, mndandanda wa opita kumeneko ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Anthu kumudzi amakhulupirira kuti umayenda ndi kudziwika, ndipo njira yokha yothetsera maganizo amenewa ndi kuonetsa poyera m'mene anthu amasankhidwira, angati akudikira, ndi nthawi yomwe akudikira, mayina osatchula. Za Kaposi sindikambapo zambiri ngakhale ndi khansa yooneka pakhungu yomwe yavuta kwambiri kwathu, chifukwa njira yake yaikulu ndi ma ARV ndi kemo, chachikulu n'choti mankhwalawo asamasowe.

Chomaliza pa madandaulo ndi chitetezo ndi ndalama. Tili ndi Atomic Energy Act ya 2011 ndi bungwe la AERA loyang'anira zinthu za radiation. Bungweli likufunika anthu, zipangizo zoyezera ndi galimoto, chifukwa zinthu zimenezi zikatayidwa mosasamala zimapha. Ku Goiânia ku Brazil mu 1987 anthu otola zitsulo zakale anatenga kachitsulo ka caesium-137 m'chipatala chosiyidwa, anakaphwanya, ufa wake wowala usiku anagawana ndi abale, anthu anayi anamwalira ndipo oposa 200 anakhudzidwa. Ogula zitsulo zakale ali m'tauni iliyonse kwathu. Za ndalama, ndikumbutse kuti ku Kayelekera ku Karonga kukutuluka uranium. Paladin inakumba kuyambira 2009 mpaka 2014, Lotus Resources yatsegulanso mu 2025, ndipo boma lili ndi magawo 15 pa 100 alionse mu mgodiwo. Ndikudziwa kuti ufa wachikasu wa ku Kayelekera sungatengedwe lero n'kukhala mankhwala mawa, pakati pake pali mafakitale ambiri omwe ife tilibe. Koma ndalama yake ndi ndalama, ndipo sizomveka kuti dziko logulitsa uranium lizilephera kugula kabokosi ka technetium pa sabata.

Choncho, mwaulemu, ndikupempha izi:

1. Mafuta odziteteza kudzuwa a SPF 50 agulidwe ndi bajeti ya boma kudzera ku Central Medical Stores Trust, apezeke pa health centre iliyonse osati ku boma kokha, ndipo a HSA aziwatengera ku sikelo ya kumudzi ngati m'mene amachitira ndi katemera. Ana achialubino aloledwe kuvala chipewa ndi malaya a mikono yaitali m'sukulu zonse, izi zilembedwe m'kalata yopita kwa ahedi onse mogwirizana ndi unduna wa maphunziro.

2. Chipatala chilichonse cha boma chikhale ndi tsiku lodziwika loyeza khungu, kliniko wophunzitsidwa za khungu, liquid nitrogen, ndi zida zodulira kanyama. Lamulo likhale losavuta kukumbukira: chilonda cha munthu wachialubino, kapena banga lakuda la kuphazi, chikatha mwezi osapola chitumizidwe, GV ayi.

3. Ikani malire a masiku omwe zotsatira za kanyama ziyenera kubwera, zitumizidwe pa foni kwa kliniko ndi kwa wodwala, ndipo pakutha pa chaka mutiuze kuti ndi zingati zinafika pa nthawi.

4. Tulutsani pulani ya nuclear medicine yolembedwa, yokhala ndi zaka ndi ndalama, kuyambira gamma kamera ndi technetium pa National Cancer Centre, kachipangizo kopezera mwanabele ku fiyeta za Kamuzu Central, Queen Elizabeth ndi Mzuzu Central, mpaka PET. Makina alionse ogulidwa abwere ndi kontirakiti ya sevisi ya zaka zingapo ndi magetsi ake apadera. Mukhale pansi ndi a MRA, AERA ndi akuluakulu a eyapoti kuti mankhwala a radiation azituluka tsiku lomwe atera, ngakhale Loweruka, ndipo a Reserve Bank aziwaika patsogolo pa foleksi poti oda yake ndi ya sabata ndi sabata.

5. Pemphani kudzera ku IAEA ndi anzathu a ku South Africa kuti pachitike kafukufuku wa rhenium-188 pa odwala achialubino a m'Malawi, motsogozedwa ndi madokotala athu, a APAM akhale nawo pa tebulo kuyambira pachiyambi, ndipo wodwala aliyense afotokozeredwe m'chilankhulo chake asanavomere.

6. Tumizani anthu kusukulu chaka chino, ndipo mukhazikitse maudindo awo asanabwerere. Ife amene tili kunja tiitaneni, ambiri tingabwere pa holide kudzaphunzitsa anzathu popanda kulipidwa mutangotsegula khomo ndi kufewetsa za mapepala.

7. Gawo lodziwika la ndalama zomwe boma likupeza ku Kayelekera lipite ku chithandizo cha khansa ndi ku AERA, ndipo lizioneka pa mzere wake mu bajeti kuti aphungu azitha kulifunsa.

Olemekezeka aphungu a m'komiti ya zaumoyo, inu muli ndi mphamvu yoitana unduna kuti udzayankhe, ndiye chonde funsani mafunso amenewa pa nthawi yokambirana bajeti ikubwerayi, pa wailesi tizimva tonse. A Nduna, yankho lanu likhale la poyera ngati m'mene kalatayi ilili, mutiuze zomwe zingatheke chaka chino, zomwe zidikire, ndi chifukwa chake. Inu amene mwawerenga mpaka pano, tumizani kalatayi kwa phungu wa kwanu, kwa khansala, ndi ku gulu la WhatsApp la mpingo kapena mzikiti wanu.

Ine wanu mwaulemu,
Wojambula odwala ku Gauteng, malume wa mnyamata wachialubino